Maganizo a Eni Manda

Senderani kuno, nkhuni izi zisapse pachabe. Ya lero si ya afiti okwera lichero ayi. Ndi ya munthu wa mu ofesi, wa tayi pakhosi, amene anaitana anthu kuti adzalankhule osadziwa kuti waitana ndani.

Munthuyo anali Simeyoni Kaliwo, kalaliki wa khonsolo m'katauni kena kamene sinditchula dzina, poti mwini wakeyo akadalipo. Anali bambo wachikulire ndithu, wa njinga yakuda yakapalasa, ndipo nthenda yake inali imodzi: chidwi. Kaliwo akaona envulopu yomata ankaiunika padzuwa. Akamva anthu akunong'onezana pakhonde ankaiwala chimene wadzera. Koma panali funso limodzi limene munthu wachidwiyu sanafunsepo aliyense, ndipo ndikuuziranitu kuti musavutike m'tsogolomu.

Mayi ake, a Nangondo, anamwalira iye ali ku Joni, kumene anapita kukasaka ntchito ali mnyamata. Uthenga unamupeza patapita miyezi itatu. Pamene ankabwerera kwawo patatha zaka zisanu ndi chimodzi, amalume amene anayendetsa maliro anali atatsikira kuli chete nawonso. Mtanda wamtengo chiswe chinali chitadya kalekale, ndipo buku la manda la zaka zimenezo linavunda m'chipinda chodontha cha khonsolo. Kaliwo ankangodziwa kuti mayi ake agona ku manda a ku Nkhadze, m'gawo lakale, koma malo enieni sankawadziwa. Chimene ankakumbukira bwino ndi chala chawo chachikulu, chokhala ndi chipsera cha mpeni wosendera chinangwa, chimene ankamupukuta nacho manthongo popita kusukulu, ndiponso kapu yawo yachitsulo ya mlomo wobiriwira imene mwana sankaloledwa kumwera. Manyazi anamutseka pakamwa. Mwana wamwamuna angayambire pati kufunsa anthu kuti amayi anga munawaika pati? Anangokhala chete zaka makumi awiri, ndipo zinkamupweteka.

Tsono tauni inakula, maliro anayamba kubwera ndi mdipiti wa magalimoto, ndipo magalimotowo ankasowa poima. Makhansala anagwirizana lamulo latsopano: manda onse a m'gawo lakale, kufupi ndi chipata, amene alibe chizindikiro ndiponso alibe wowazindikira, asalazidwe kuti pakhale poimika magalimoto. Koma asanatero, anayenera kumva maganizo a anthu kwa masiku makumi atatu.

"A Kaliwo," anatero Mayi Sambani, bwana wake, mayi wolankhula akuyenda, "mulembe chidziwitso, mukonze mafomu, mukaike bokosi pachipata. Anthu alankhule, asadzatinene kuti tinawapondereza. Lachisanu lomaliza la mwezi uno giledala yosalaza nthaka ikulowa."

Kaliwo anazindikira nthawi yomweyo. Manda opanda chizindikiro, opanda wowazindikira: amenewo ndiwo anali a mayi ake. Koma pakamwa pake panangotuluka mawu a masiku onse akuti, "Chabwino, bwana."

Analemba chidziwitsocho ndi Chichewa chimene ankanyadira nacho: "Khonsolo ikupempha eni manda onse kuti apereke maganizo awo. Aliyense ali ndi ufulu wolankhula." M'mutu mwake, eni manda anali mabanja amene anaika abale awo kumeneko. Anapalasa njinga mpaka ku Nkhadze, anaitsamiritsa pamtengo wa mthethe m'kati mwa chipata, pa kachulu kakang'ono komera udzu, nakhomerera bokosi, namangirira cholembera ndi chingwe. Kenako anatenga chimkuzamawu kuti odutsa mumsewu amve. Koma dzuwa la Okutobala linkamuthobwa m'maso, ndiye anatembenuka, napereka msana kumsewu, nawerenga chidziwitso chake katatu atayang'ana kumitumbira.

A Mposa, mkulu wa adzukulu okumba manda, amenenso ankayang'anira malowo, anasiya kunola khasu.

"Bwana, mwati mukuitana ndani?"

"Eni manda, madala."

"Eni manda?" A Mposa anapukusa mutu. "Obwera ndi maluwa aja ndi alendo, bwana. Ine ndemwe, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pano, ndine waganyu chabe. Eni ake ndi awo." Analoza ndi chibwano, poti kumanda salozako ndi chala.

Kaliwo anaseka mpaka tayi inagwedezeka. "Ndiye nawonso alembe, madala. Ufulu ndi wa aliyense."

A Mposa sanaseke. "Mwanena nokha. Ndiponso mwalowa muno osanena odi."

Choyamba kusowa chinali cholembera. Chingwe sichinadulidwe ayi, chinamasulidwa bwinobwino, n'kupindidwa, n'kuikidwa pamwamba pa bokosi. Wakuba wake uti waulemu chotero? Kaliwo anabweretsa china. Tsiku lachitatu anapeza mulu wa mafomu watha, chonsecho a Mposa analumbira kuti pachipatapo panadutsa anthu anayi okha, mmodzi mwa iwo wofuna njira yachidule yopita kuchigayo. Kaliwo anagwedeza bokosi. Linali lolemera, ndipo loko wake anali wosakhudzidwa, poti kiyi anali m'thumba mwake.

Atatsekula, mapepala anali ozizira ndiponso a chinyezi, pamene kunja nthaka inali itang'ambika ndi dzuwa. Ankanunkhira ngati mvula yoyamba. Onse analembedwa ndi dzanja limodzi, zilembo zopendekeka zokongola, ndi kalembedwe kakale kamene Kaliwo anakaona komaliza m'buku la nyimbo la agogo ake. Fomuyo inali ndi mafunso anayi: dzina, malo a manda, ngati pali m'bale amene amawayendera, ndi maganizo. Kaliwo anakhala pansi pa mthethe nayamba kuwerenga.

"Mbuzi za kutsidyaku zikutha maluwa. Conde mangani mpanda."

"Amene munamuika pambali panga caka catha ndi wolongolola. Kuno sitinazolowere."

"Nyimbo muziyimba yonse, osadula ndime cifukwa ca dzuwa. Ife tili ndi nthawi."

"Za magalimoto tamva, koma nanga utsi?"

Pansi pa fomu iliyonse panali chidindo cha chala, osati cha inki koma cha dothi lofiira, ndipo pambali pake mawu akuti: "Wolembera anzake: Y. Mtalimanja, mphunzitsi, mzere wacitatu."

Wina akanathawa n'kusiya nsapato. Kaliwo ubweya wa m'manja unaima ndithu, koma chidwi chinaposa mantha. Anayamba waganizira a Mposa, koma mkuluyo ngakhale dzina lake ankasaina ndi chala. Ndiye ananyamuka kukawerenga mizere. Pa mzere wachitatu anapeza mwala wopendama, wodzala ndere. Anaupala ndi kiyi mpaka zilembo zinaoneka: Yotamu Mtalimanja, Mphunzitsi. Chaka chimene anamwalira, Kaliwo anali asanabadwe.

Mayi Sambani anawerenga mafomu awiri okha n'kuwakankhira kumbali.

"Ndi ana asukulu awa, akukuseweretsani. Tamverani, a Kaliwo, lamulo likuti manda apulumuka pokhapokha m'bale wamoyo, wokhala ndi chiphaso, aloze malo ake n'kusaina. Zinazi katayeni."

Sanazitaye. Anaziika m'kabati yake, ndipo pobwerera kunyumba madzulo amenewo ganizo lina linamugwira mpaka anaiwala kupalasa pachitunda. A Nangondo sankadziwa kulemba, inde, koma nanga si pali wolembera anzake? Ngati ena onse akulankhula, mayi ake alekerenji?

Kuyambira pamenepo Kaliwo anasanduka munthu wa kumanda. M'mawa uliwonse ankafika, n'kutsamiritsa njinga pamthethe paja, n'kutsekula bokosi. Ankathamangira pa mzere wa dzina. Anawerenga za mkulu wina wodandaula kuti mizu ya mtengo ikumukwawa kumapazi. Anawerenga za mayi wina wofunsa ngati mwana wake Dolika anakwatiwa. Wina anangolemba kuti, "Palibe cobvuta, tingothokoza kuti mwatifunsa." Mayina anabwera ambiri, ena achilendo, ena a mabanja amene ankawadziwa mumsika. La Nangondo silinabwere, ndipo masiku ankatha.

Sabata yomaliza anaganiza zoona yekha olembawo. Anafunsa a Mposa kuti mafomu amatha nthawi yanji.

"Anthu amaopa usiku pachabe," anatero mkuluyo akumanga kathumba kake. "Kuno nthawi yake ndi masana, dzuwa likafika paliwombo, mthunzi wa munthu ukabisala pansi pa mapazi. Ine nthawi imeneyo ndimakapuma kumsewu. Mwini nyumba akatuluka kudzawothera dzuwa, waganyu umapatuka."

"Ine nditsala," anatero Kaliwo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono zake si zimenezi, bwana," anayankha a Mposa, nachoka osacheuka.

Kaliwo anakhala pamwala moyang'anana ndi bokosi. Nyenje zinkalira m'mitengo mogonthetsa m'khutu, monga zimachitira mwezi umenewo. Thukuta linkatsika m'khosi. Kenako, ngati wina watseka chitseko, nyenje zonse zinakhala chete nthawi imodzi. Mumsewu simunadutse galimoto. M'batamo anamva kaphokoso ka mapazi okhwekhwereza, ambiri, osafulumira, ngati anthu a pamzere wa kuchipatala. Wina anatsokomola chapansipansi. Wina anatsonya, monga amachitira munthu akamulowerera pamzere. Kaliwo anatong'ola maso mpaka misozi, koma sanaone kanthu, kupatula pepala lapamwamba pa mulu limene linadzuka ngodya imodzi popanda mphepo, n'kugonanso. Fumbi la patsogolo pa bokosi, limene a Mposa anasesa m'mawa, linali likusintha pang'onopang'ono. Pomaliza anamva kuwomba m'manja kofewa, kwa manja opinda, kumene anthu amawomba mlandu ukatha bwino. Nyenje zinayambiranso.

Kaliwo anadzuka natenga njinga yake. Atangotuluka pachipata anamva mawu kuseri kwa mpanda wa nkhadze.

"Pepani akalaliki, tsiku lotsiriza ndi liti?"

Anali mkulu wina wowongoka msana, wa kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo. Anaima m'kati mwa mpanda, dzanja limodzi lili pa nthambi, ndipo zala zake zinali zotuwa ndi choko.

"Lachisanu," anayankha Kaliwo.

"Tayesetsa. Ambiri alankhula. Koma alipo ena akukana kubwera pamzere. Akuti iwo saitanidwa ndi lipenga ngati anthu a pamsonkhano."

Funso linafika pamilomo pa Kaliwo, funso la zaka makumi awiri lija, koma manyazi akale analibweza. Anawerama ngati akukonza tcheni. Podzuka, panali nkhadze zokhazokha. Mpaka lero akamufunsa nkhope ya mkuluyo, Kaliwo amangokumbukira masokosi.

Anakapeza a Mposa pansi pa mango kumsewu, nakhala pambali pawo pafumbi, ndi tayi yomwe. Kumeneko ndi kumene anaulula zonse: za ku Joni, za uthenga wochedwa, za mtanda wodyedwa ndi chiswe. Analankhula atayang'ana pansi ngati mwana woswa mbale.

A Mposa anatulutsa kabotolo ka fodya.

"Zaka zonsezi mukudutsa pano osanena? Safunsa anadya phula, bwana. Ine ndinabwera iwo atagona kale, sindingakunamizeni malo. Koma amene ankadziwa analipo, tawaika m'manja mwathu muno mmodzimmodzi inu mukuyang'ana." Anafwenthera fodya, napitiriza mofatsa. "Nanga mayi wake wa munthu amaitanidwa ndi chimkuzamawu? Kwanu mukafika pakhomo pa amayi anu munkatani?"

Lachinayi masana, a Mposa atapatuka, Kaliwo anavula nsapato kunja kwa chipata. Anavula ndi tayi yomwe. Anagwada pafumbi lotentha, nawomba m'manja katatu.

"Odi! Odi kuno eni ake!" Kenako anapitiriza. "Ndine Simeyoni, mwana wa a Nangondo. Ndachedwa, ndikudziwa. Ndimati ndifunse nawo, amayi anga agona pati?"

Nyenje sizinasiye kulira. Palibe anatsokomola. Anadikira mpaka mawondo anapsa, kenako anaika fomu imodzi pamwamba pa bokosi, naitsendereza ndi mwala, napita kwawo mtima uli zii. Anaganiza kuti mayi ake amukana, ndipo sanawaimbe mlandu.

Lachisanu m'mawa giledala inafika ikufuka utsi, niima kunja kwa chipata. Mayi Sambani anabwera ndi ambulera ndi mndandanda wa manda asanu ndi awiri okha amene abale amoyo anawazindikira. Anati nthawi ya maganizo itha 12 koloko, ndipo woyendetsa akangodya nkhomaliro ayambe. Kaliwo anatsamiritsa njinga pamalo pake, natsekula bokosi. Munalibe kanthu. Fomu ya pansi pa mwala ija inali itasowa, koma m'bokosi munali mbee. Analitsekanso, naimirira pambali pake ngati mlonda.

Dzuwa linakwera. A Mposa anayang'ana mthunzi wawo, nanyamula kathumba.

"Mayi, tiyeni tikaime kumsewu pang'ono."

"Chifukwa?" anafunsa Mayi Sambani.

Asanayankhidwe, nyenje zinakhala chete. Woyendetsa giledala anasiya kutafuna. Panalibe mapazi ambiri tsiku limenelo. Anali a munthu mmodzi, opepuka, oyenda pang'onopang'ono, ndipo sanachokere kutali. Kenako m'bokosi lokhoma lija munamveka kuti pha, kaphokoso ka pepala logwera pa thabwa.

Kiyi anagwa kawiri Kaliwo asanatsekule. Fomu inali imodzi, yozizira, yolembedwa ndi dzanja lopendekeka lija.

Pa dzina panalembedwa kuti: Nangondo.

Pa funso la m'bale woyendera manda: "Alipo. Mwezi uno wabwera tsiku ndi tsiku, koma amandipatsa msana."

Pa malo a manda: "Pamene amatsamiritsa njinga."

Pa maganizo: "Njingayo sindikudandaula nayo. Mwini wakeyo ndinamubereka kumbuyo zaka zitatu, ndipo anali wolemera kuposa pamenepo. Koma galimoto sindingaithe, mwanangu."

Pansi pake panali chidindo cha dothi lofiira, chala chachikulu, ndipo pakati pake panadutsa kamzere koyera ka chipsera.

Kaliwo anatembenuka. Njinga yake yakuda inali pomwe ankaisiya masiku onse, chiwongolero chili pamthethe, matayala onse awiri ali pa kachulu kaja. Anainyamula m'mwamba ngati yotentha, nakaiika kunja kwa chipata. Anabwerera, nagwada, nayamba kuzula udzu ndi manja. Sanakumbe kwambiri. Zala zake zinagunda chitsulo, ndipo m'dothimo munatuluka kapu yadzimbiri, yobooledwa pansi monga amachitira ndi ziwiya zosiya pamanda. Anaipukuta mlomo ndi malaya ake oyera, ndipo kubiriwira kuja kunaoneka. Bambo wamkulu uja analira mokweza, pamaso pa bwana wake, osabisa nkhope.

"A Kaliwo, n'chiyani?" Mawu a Mayi Sambani anali atachepa.

"Ndi amayi anga awa, bwana. Chiphaso ndili nacho."

Mayiyo anatola fomu ija pansi, naiwerenga, naiwerenganso. Anayang'ana fumbi la patsogolo pa bokosi nthawi yaitali. Kenako anapinda ambulera yawo, nauza woyendetsa kuti lero abwerere kaye. Woyendetsayo sanadikire kuuzidwa kawiri, ndipo nkhomaliro yake anakamalizira kutsogolo.

Mafomu a m'kabati aja Kaliwo anawakopera mayina n'kukawamata pamsika, ndipo mabanja anabwera ambiri, ena ndi manyazi onga ake. Dolika nayenso anabwera, ali ndi ana anayi. Magalimoto mpaka lero amaima kutsidya kwa msewu. Koma zimenezo ndi za pambuyo.

Tsiku lomwelo, misozi itaphwa, Kaliwo anatenga fomu yatsopano kuti alembe monga m'bale wamoyo, poti lamulo ndi lamulo. Anapapasa m'matumba, cholembera panalibe. A Mposa anamukodola ndi chibwano. Cholembera choyamba chija, chosowa tsiku loyamba, chinali chitagona pa kachulu, pambali pa kapu. Kaliwo anawomba m'manja asanachitole. Analemba dzina, analemba malo, ndipo atafika pa funso loti kodi pali m'bale amene amayendera mandawa, dzanja linaima. Funsolo analipanga yekha mu ofesi, osadziwa kuti akudzitchera msampha. Anafuna kulemba kuti inde, koma anakumbukira amene akumuyang'ana. Analemba kuti, "Kuyambira lero."

Moto wazilala, kagoneni. Koma mawa mukamadutsa ku Nkhadze m'mawa, mukaona njinga yakuda itaima kunja kwa chipata, nsapato zili pambali pake, musadabwe. Mwini wake ali m'katimo, akufunsa mayi ake mafunso a zaka makumi awiri.